Kampeni kosapinda kopirira nkhanza: ka kwa wosula, ka pamsika kapena ka kunja?

Khirisimasi yapitayi ndinachita manyazi ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu. Mbuzi tinali titaipachika pamtengo wa mapeyala, chikopa nditasenda bwinobwino, kwangotsala kulekanitsa miyendo. Ndinalowetsa nsonga pamfundo ya bondo n'kupotoza pang'ono. Thyo! Chigwiriro chinatsala m'manja mwanga, chitsulo chitatsakamira m'nyama. Alamu anga, amene anali atagwira mwendo winawo, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, mesa munkati mwagula mpeni wa ku Germany? Kapenatu anakugulitsani supuni?"

Pachitsulopo panalembedwadi Germany, ndipo unkanyezimira ngati kalilole. Madzulo nditang'amba pulasitiki wa chigwirirocho ndi pulayala ndinapeza kuti msuka wake unali kachitsulo kosakwana masentimita 3. Misomali itatu yooneka pachigwiriro ija inali yonamizira, timitu tokha tomatidwa pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbuziyo tinamalizira ndi kampeni kakuda bii ka agogo a pakhomopo, kosulidwa kumudzi, kamene kakhala kakusenda chinangwa kuyambira ine ndisanakwatire.

Kuyambira pamenepo mpeni uliwonse wondidutsa m'manja ndimauyang'anitsitsa. Pano ndikunena za timipeni tosapinda, ta chitsulo chotalika masentimita 7 mpaka 12, chimayi chija amanena eni dera lino, timene timagwira ntchito zoposa msinkhu wake: kusenda mbuzi, kutumbula nsomba, kung'amba nsungwi, kucheka malegeni kutayala, kusongola zikhomo, kudula chingwe cha nayiloni. Okapi ndamusiya dala. Ndi mpeni wa mbiri, unayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902 ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa, koma ndi wopinda, ndipo mpeni wopinda uli ndi bondo. Pabondo m'pamene nkhanza zimayambira kuwononga. Kamsomali kamakhwepa, chitsulo chimayamba kugwedera, tsiku lina n'kukutsekera zala.

Kulimba kulipo kuwiri

Chichewa chimatipusitsa pang'ono apa. Timati botolo ndi lolimba, timatinso tayala ndi lolimba. Botolo simungalikande ndi msomali, koma likagwa pasimenti kwatha. Tayala mungalicheke ndi lezala, koma limenyeni ndi hamala tsiku lonse, wotopa mukhala inuyo. Khalidwe la botolo ndilitcha kuuma, la tayala ndilitcha kupirira. Chitsulo cha mpeni chimakhala pakati pa ziwirizi, ndipo chikasendera kwa chimodzi chimataya chinacho.

Chitsulo chouma chimachedwa kubuntha, koma chikagunda fupa kapena msomali chimabenthuka. Chofewa sichibenthuka, chimangopindika kukamwa, ndiye mwanola m'mawa, pofika masana mukucheka ngati mukupempha. Opanga mipeni amayeza kuuma ndi muyeso wa Rockwell, umene amaulemba HRC, ndipo mipeni yambiri ya ntchito imakhala pakati pa 55 ndi 60. Tupa amapitirira 60, n'chifukwa chake amadya zitsulo zinzake, n'chifukwa chakenso amaduka akagwa pansi. Chimene chimaumitsa chitsulo ndi kaboni ali m'katimo, kuphatikizapo mmene chatenthedwera ndi kuziziritsidwa. Chachiwirichi sichioneka ndi maso, ndipo mipeni iwiri yochokera pachitsulo chimodzi ikhoza kusiyana ngati usiku ndi usana chifukwa cha icho chokha.

Komabe mipeni yambiri imene ndaiona itafa sinafe ndi mtundu wa chitsulo. Inafera pamsuka. Aliyense amene anakhomerapo khasu pampini akudziwa msuka, ndipo mpeninso uli nawo, ndiwo mchira wa chitsulo wolowa m'chigwiriro. Ulipo msuka wathunthu, umene umaoneka ngati mzere wa chitsulo pakati pa matabwa awiri kuzungulira chigwiriro chonse. Ulipo wobisika koma wautali, wofika pafupi ndi kumapeto. Ndiye ulipo wa chinyengo uja unandichititsa manyazi. Yang'ananinso pakhosi, pamene chitsulo chimachepa kuti chilowe m'chigwiriro. Pakadulidwa mwangodya ngati kona ya njerwa, mng'alu umayambira pomwepo. Pakakhala pokhota mwaulesi, mphamvu imamwazikana ndipo mpeni umakhalitsa.

Imfa ina ndi ya nsonga, ndipo kawirikawiri wopha ndi mwini wake, potsegulira chitini cha penti kapena pomasulira sikuluwu. Ina ndi ya kuno kwathu: dzimbiri. Mzuzu ndi mzinda wa chinyezi, mvula imachedwa kutsanzika, ndipo mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu zimanyowetsa ngakhale chimene chili pakhonde. Mpeni wa kaboni, uja wosakhala stainless, mukaugoneka wonyowa m'chimake cha chikopa, m'mawa muupeza utafiira. Dzimbiri la pamwamba silivuta, limachoka ndi phulusa. Loopsa ndi lija lolowa ndi magazi kapena madzi a nsomba pampata wa pakati pa chitsulo ndi chigwiriro, n'kumadya msuka mwakachetechete kwa chaka chathunthu.

Mipeni ya kwa wosula

Pano mpamene pali mpeni wabwino koposa pa ndalama yochepa, komanso mpamene pali woipa koposa, ndipo yonse imaoneka yakuda mofanana. Funso loyamba kwa wosula likhale lakuti chitsulocho chinali chiyani chisanakhale mpeni.

Chabwino kwambiri pa ntchito ya nkhanza ndi sipuling'i ya galimoto, ija ya masamba ya pansi pa lole kapena minibasi. Zambiri mwa izi ndi za mtundu wotchedwa 5160 kapena abale ake, wokhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi chitsulo china chotchedwa chromium chosakwana 1 peresenti. Chitsulo chimenechi chinapangidwira kupindika ndi kubwerera, kupindika ndi kubwerera, pamabampu ndi m'maenje, zaka ndi zaka. Mpeni wake mukhoza kuumenya kumsana ndi chipika kuti muwaze kankhuni, kapena kuupotoza pamfundo ya mbuzi, umangobwerera m'malo mwake. Subuntha msanga, ndipo ukabuntha umamvera mwala uliwonse wa kumtsinje. Vuto lake ndi lakuti sipuling'i yothyoka pamsewu imakhala ndi timing'alu tina tosaoneka pafupi ndi pamene inathyokera. Wosula wanzeru amadula kutali ndi pamenepo ndi kutali ndi bowo la pakati.

Chitsulo chikhale chabwino chotani, chimene chimaweruza ndi moto. Mdala wina amene ndimapitako chakumtunda kwa msewu wa ku Ekwendeni amasunga maginito wa sipika yakufa pafupi ndi chipala. Akamaliza kusula amabwezera mpeni pamakala mpaka ufiire, n'kumaugunditsa kumaginito. Chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770 chimasiya kukokedwa ndi maginito. Iwo nambalayo alibe nayo ntchito, amangodziwa kuti chikasiya kumata akuyenera kuonjezera moto pang'ono chabe, kenako n'kuviika.

"Adada, bwanji osangoviika m'madzi, si ndiye kufulumira?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mwana wanga, madzi ndi aukali. Ukamva kuti ting' m'chidebemo, dziwa kuti wagwira ntchito yaulere."

Amaviika mu oyilo. Akatero mpeni umakhala wouma ngati galasi, ndipo apa m'pamene osula ambiri achangu amalekera, n'kukhoma chigwiriro, n'kupita nawo kumsika. Mpeni wotero umameta tsitsi la pamkono, wogula n'kusangalala, koma sabata isanathe waduka pakati. Chotsalacho ndi kuupala kuti uyere, n'kuufunditsa pang'onopang'ono kuyambira kumsana, uku mukuyang'ana mtundu. Kukamwa kukafika pamtundu wa udzu wouma, chapamadigiri 220 mpaka 230, basi. Kukafika pa buluu, chapa 300, mwapitirira, mpeniwo upirira koma uzibuntha msanga. Wosula amene sangakufotokozereni zimenezi m'mawu ake, ngakhale m'Chitumbuka chozama chimene mukungotolamo pang'ono, mugule kwa iye mbaula osati mpeni.

Mpeni wosulidwa kutupa ndi nkhani ina. Tupa wabwino ali ndi kaboni wofika 1 peresenti kapena kupitirira, choncho mpeni wake umathwa koopsa ndipo umakhala nthawi usanafune mwala. Wosema ziboliboli kapena wosenda zikopa angaukonde. Koma ndi wamtima wapachala. Ukapanda kufunditsidwa bwino, kungougwetsa pasimenti nsonga yapita. Mano a tupa aja akuyeneranso kupalidwa onse mbali ya kukamwa, chifukwa mzere uliwonse wotsala ndi poyambira mng'alu, ngakhale anthu amaukonda kuti uzioneka kuti ndi wa tupa weniweni. Ndipo atupa ena otchipa ndi ouma khungu lokha, m'kati ndi chitsulo wamba.

Ife a kufupi ndi Chikangawa tili ndi mwayi wina: macheka akutha a ocheka matabwa. Malamba a macheka a m'mafakitale ndi chitsulo chopyapyala koma chopirira, ndipo ena amakhala ndi nickel pafupifupi 2 peresenti, amene amathandiza kuti chisamathyoke. Kampeni kodulidwa pamenepo ndi kabwino kwa oluka malichero ndi madengu, kamalowa m'nsungwi ngati m'papaya. Macheka ozungulira a mano owotcherera musavutike nawo, ukali wake uli m'manomo, thupi lake si kanthu kwenikweni. Osoka nsapato amakonda sowo yodulira zitsulo, kuinola mbali imodzi n'kukulunga mphira kogwira. Pachikopa ndi patayala palibe wouposa, koma musauyese kukanulira kanthu, umaduka ngati bisiketi ndipo chidutswa chimathamangira kumaso.

Njira ina imene anthu amaipeputsa ndi kudula kampeni kuchikwanje chakale. Chikwanje chinapangidwira kumenya mitengo, ndiye n'chofewerapo koma chopirira zedi. Mukachidula mosachitenthetsa, kumaviika m'madzi pafupipafupi, simufunikanso moto, chimasunga kuuma kwake kwa kufakitale. Msuka mumausiya waukulu mmene mukufunira, n'kukhoma matabwa awiri a mlombwa kapena muwanga ndi misomali itatu yeniyeni. Paini asakhale pachigwiriro, amamwa madzi n'kufumbwa.

Koma wina akakuuzani kuti wasula kuchitsulo cha konkire, Y12 uja, mupatseni moni n'kumapita. Chimenecho sichiuma mokwanira ngakhale achiviike m'chiyani.

Yonyezimira ya m'misika

Iyi ndiyo yochuluka, kaya kumsika waukulu, kaya ku Zigwagwa, kaya pamphasa ya wogulitsa ziwiya m'mbali mwa M1. Imalembedwa stainless, ndipo apo sanama. Chitsulo chimayamba kukana dzimbiri chikakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, ndipo iyi ili naye. Chimene ilibe ndi kaboni wokwanira. Yambiri ndi ya gulu la 420, la kaboni wa 0.3 peresenti kapena kucheperapo, ndiye ndi yofewa. Siibenthuka, imangogona kukamwa.

Sindiinyoza yonse. Mayi wodula tomato ndi anyezi, mnyamata wosenda mbatata ya kachewere pachiwaya, amene mpeni wake umakhala m'beseni la madzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, kampeni kotere kamamukwanira, bola azikapaka pamwala kawiri katatu patsiku. Pa nkhanza ndiye ayi, ndipo chifukwa chake ndi msuka womwe uja. Chenjeraninso ndi ija yooneka ngati chitsulo chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro. Yambiri chigwiriro chake ndi chibowo, anangochiwotcherera pakhosi n'kupukuta kuti pasaoneke, ndipo imadukira pomwepo. Za ija ya mano kumsana ndi kampasi kuchigwiriro, yokopa anyamata, sinditayapo nthawi. Chigwiriro chosungiramo machesi ndiye kuti msuka mulibe.

Ya makampani odziwika koma ya kukhitchini

Pakati pa msika ndi mipeni yodula pali Tramontina wa ku Brazil, kampani imene inayamba ngati chipala cha wosula mmodzi m'tauni ya Carlos Barbosa mu 1911, ndi Victorinox wa ku Switzerland, amene anayamba mu 1884. Ubwino wa iyi si chitsulo chodabwitsa ayi. Ndi stainless wamba, koma wotenthedwa mofanana nthawi zonse, moti mukagula lero ndi chaka chamawa mupeza khalidwe limodzi. Izi n'zimene wosula wa pakona sangakulonjezeni.

Kampeni kochotsera nyama kumafupa ka Victorinox, ka chigwiriro chakuda chosaterera, ndi kamene ndingapatse munthu wa kanyenya kapena wotumbula batala ndi chambo kugombe la Nkhata Bay. Magazi, mafuta, madzi, sikasamala. Tramontina wa chigwiriro cha thabwa mumuyang'ane msuka, chifukwa ina umafika kumapeto pamene ina umalekera pakati. Koma zonsezi n'zopyapyala, zinapangidwira kucheka basi. Mukazimenya ndi chipika kapena kukanulira thabwa, zimapindika n'kukhala chopindikacho. Ndipo mayina otchuka ndi amene amaberedwa kwambiri. Zilembo zofufutika ndi chala, kapena dzina lolakwika chilembo chimodzi, musafunsenso.

Mora

Ku Sweden kuli tauni yotchedwa Mora kumene akhala akupanga mipeni m'mafakitale kuyambira 1891, ndipo Morakniv Companion ndi mpeni umene anthu okonda za m'tchire padziko lonse amayezerapo ina. Chitsulo chake n'chotalika masentimita 10.4, chochindikala mamilimita 2 mpaka 2.5, ndipo ulipo wina wolembedwa Heavy Duty wa mamilimita 3.2. Ulipo wa kaboni, ulipo wa stainless wotchedwa 12C27, wa kaboni 0.6 peresenti ndi chromium 13.5 peresenti. Taonani kusiyana kwake ndi wa pamsika uja: onse ndi stainless, koma uyu kaboni wake ndi wowirikiza.

Mpeni uwu umatsutsa zina zimene ndanena, ndipo n'chifukwa chake ndimaulemekeza. Msuka wake si wathunthu, umalowa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chigwiriro. Mukanati ufooka. Koma pulasitiki wake anamuumbira pamsukapo ali wamoto, palibe mpata wolowa madzi, palibe msomali wokhwepa, ndipo kuti muuthyole mukuyenera kuchita kufuna. Zikuonetsa kuti msuka wobisika si tchimo, tchimo ndi msuka waufupi wongosomekedwa. Amene akufunabe wathunthu, kampani yomweyo inatulutsa Garberg mu 2016, wa mamilimita 3.2, koma mtengo wake ndi wa ma Companion angapo.

Kanoledwe kake n'kosiyana ndi mipeni ya kukhitchini. Kukamwa kuli ndi phanthi limodzi lalikulu mbali iliyonse, lotsetsereka mpaka kothwa. Ponola mumangoligoneka pamwala, simuchita kuganizira kapendekedwe, ngakhale mwana wa sukulu angathe. Pamtengo limadya mokoma, kusongola chikhomo kapena kusema mpini kumakhala ngati masewera. Kufooka kwake kuli pomwepo: kothwako n'kopyapyala, ndiye pafupa kapena pansungwi youma kwambiri kumabenthuka tizidutswa ting'onoting'ono. Mankhwala ake ndi kudzutsa msana pang'ono pomaliza kunola, kupaka kawiri katatu mbali iliyonse, kuti kukamwa kukhale ndi kaphewa. Pocheka chinangwa kapena mbatata umakonda kung'amba m'malo modula, pamenepo kampeni ka agogo kaja kamauposa.

Kuno sapezeka wambawamba. Ambiri amene ndawaona nawo anachita kutumiza kwa m'bale wa ku Joni, ndipo ku Mzimba kuno ndani alibe m'bale ku Joni? Ngati mukutumiza, kwa nyengo ya Mzuzu ndingati stainless. Wa kaboni amanoleka msanga pang'ono, koma chimake chake cha pulasitiki chikalowa madzi a mvula muli panjinga, pofika kunyumba mawanga ayamba kale.

Zochindikala zodula

Pa intaneti mudzaona timipeni tating'ono tonenepa, totamandidwa kuti sitithyoka. Chitsanzo ndi ESEE Izula wa ku America: chitsulo chotalika pafupifupi masentimita 7, kuchindikala pafupifupi mamilimita 4, thupi lonse chitsulo chimodzi cha 1095, cha kaboni pafupifupi 0.95 peresenti, chopakidwa utoto woteteza dzimbiri. N'zoona, kameneka kukathyola n'kovuta, ndipo kampani yake imalonjeza kukusinthirani mukakathyola. Koma lonjezo limenelo likuthandizani bwanji muli ku Zolozolo, pamene ndalama yotumizira yokha ingagule mipeni ya kwa wosula yodzaza thumba? Utoto uja umasupuka pogwira ntchito, ndipo kothwa kulibe utoto n'kale, ndiye dzimbiri limabwera ndithu. Chinanso, mamilimita 4 pakampeni kafupi chonchi ndi tchizulo. Yesani kusendera chinangwa cha kondowole dengu lonse, mudzamva dzanja. Mpeni wosathyoka koma wosacheka bwino umakukakamizani kukankha ndi mphamvu, ndipo ngozi zambiri za mpeni zimabwera pokankha.

Mudzaonanso yambiri yolembedwa D2. Chitsulo chenicheni cha D2 chili ndi kaboni 1.5 peresenti ndi chromium pafupifupi 12 peresenti. Pocheka makatoni, zingwe ndi matumba chimakhala nthawi yaitali chisanabunthe. Koma pa kupirira chili kumbuyo kwa sipuling'i, chimabenthuka chikapotozedwa, ndipo chikabuntha mwala wa ku Lunyangwa umangotsetserekapo, chimafuna chonolera cha dayamondi. Kuonjezera apo, zilembo ziwirizi aliyense angazidinde pachitsulo chilichonse.

Ndiye nditenge uti?

Zimatengera chimene chimapha mipeni yanu. Ngati imafa ndi madzi, monga ya asodzi, ogulitsa nsomba, a butchala ndi a chiwaya, tengani stainless wa kampani yodziwika, wa chigwiriro choumbidwa, ndipo mafupa muziwasiyira chikwanje. Ngati imafa ndi kumenyedwa ndi kupotozedwa, monga ya kumunda, ya alimi a njuchi, ya omanga makola ndi ocheka matayala, palibe choposa sipuling'i yosulidwa ndi munthu wodziwa moto, ya mamilimita 3, ya msuka wathunthu. Woluka ndi wosoka nsapato asataye ndalama, chidutswa cha macheka chimukwanira. Wofuna mpeni umodzi wochita zonse mwapakatikati, ndipo ali ndi womutumizira, Mora wa stainless. Zonenepa zodula zija ndi za munthu amene amakonda mipeni monga ena amakondera nkhunda, ndipo palibe cholakwika, bola adziwe kuti akugula chisangalalo.

Ine ndimaika wosula patsogolo pa chifukwa china chimene sichili m'chitsulo. Chigwiriro chikagwedera, nsonga ikaduka, mumabwerera kwa iye n'kukonza tsiku lomwelo. Mukhozanso kumuuza kuti dzanja langa ndi lalikulu, chigwiriro chikhale chotere, pakhosi musiye kachitsulo kotchinga chala kuti chisatsetserekere kothwa pamene m'manja muli mafuta a mbuzi.

Musanapereke ndalama, safunsa anadya phula. Gwirani chitsulo ndi nsalu, gwedezani chigwiriro, mumve ngati muli kulira. Yang'anani misomali mbali zonse ziwiri ngati ikuyang'anizana. Kwa wosula, pemphani tupa wake mupake pang'ono kukamwa: akamatsetsereka ndi kaphokoso ka galasi, chitsulo chauma, akamaluma ngati pamsomali, sichinaume. Kenako pemphani kudula kangapo pansungwi youma kapena pamfundo ya bulugama, n'kuyang'ana kothwa padzuwa. Pamene pakuthwanima ndiye kuti pagona kapena pabenthuka. Wosula wodzidalira sakana mayeso amenewa, amachita kukupatsani yekha nsungwiyo.

Mukafika nawo kunyumba, mdani wamkulu ndi galayinda ya owotcherera zitsulo. Imanola mumphindi imodzi, koma kothwa n'kopyapyala, kumatentha msanga, ndipo mukangoona kabuluu m'mphepete dziwani kuti ntchito yonse ya oyilo ndi udzu wouma ija yafafanizika pamenepo. Mwala ndi madzi basi, ndipo pomalizira kunsi kwa kapu yadothi, pamene palibe utoto, kumagwira bwino. Wa kaboni muzimupukuta mukangomaliza ntchito, kadontho ka mafuta ophikira, ndipo asagone m'chikopa nthawi ya mvula. Akayamba kuda musamukweche, kudako si dzimbiri, kumachita kuteteza. Lofiira ndilo loyenera kuchotsa. Ndipo ukhale wa kumunda ndi pakhomo, osati wa m'thumba popita kumpira kapena kumowa, kumene kungopezeka nawo ndi nkhani ina ndi apolisi.

Wanga wa sipuling'i mdala uja anandisulira mu Febuluwale, chigwiriro cha muwanga, misomali itatu ya mkuwa yodutsa mbali zonse. Pa Isitala tinaphanso mbuzi ku Mchengautuwa komweko. Alamu anga anaulandira, anautembenuza uku ndi uku, anauyesa patsitsi la pamkono, n'kulekanitsa nawo miyendo yonse inayi osanena kanthu. Pomaliza anaupukuta bwinobwino pathalauza, anati aubwereke kaye akadulire malegeni a khola la nkhuku, aubweza Loweruka. Pano tili mu Ogasiti.